Mafizo a agogo a ku China

Tai chi ndi masewera otopetsa kuonera, ndinene zimenezi poyambirira pomwe kuti wina asadzati ndinamunamiza. Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho tikamva zoti masewera a ku China mutu umathamangira kwa Bruce Lee ndi Jet Li, zibakera, mateche, munthu mmodzi kukuntha anyamata khumi kenako n'kukonza kolala. Nde ukaona tai chi yeniyeni umakhumudwa. Gulu la nkhalamba laima m'mizere, palibe akulankhula, dzanja likuchoka m'chiuno kupita paphewa koma ulendo wake wosafika msanga, palibe thukuta looneka, palibe wofuula. Koma pa masewera onse amene ndinaonapo, amenewa ndi omwe ndimalakalaka makolo athu atamachita, ndipo chifukwa chake si nkhani za mphamvu zachinsinsi zomwe anthu amakamba pa TikTok zija ayi. Nkhani ndi miyendo basi, kuti munthu wachikulire asamagwe.

Pomwe ndinali pasukulu ku Beijing ndinkakonda kulawirira ku paki ya Temple of Heaven, eni ake amati Tiantan. Masana kumadzadza alendo ndi makamera awo, koma m'mamawa cha m'ma 6 koloko geti ikangotsegulidwa malo onse aja amakhala a anthu opuma pantchito. Ndipo amabweradi olo kuzizire bwanji, kuzizira kwake kwa mu Januwale si kwa ku Dedza kuja ayi, madzi amauma gwa m'madamu anthu n'kumayendapo. Uku ena akuvina awiriawiri, uku ena akuyenda chafutambuyo akuomba m'manja, wina akukwecha msana pamtengo, wina wamangirira siponji kundodo akulemba zilembo zachitchaina pansi ndi madzi, zikuuma iye akupitirizabe. Nde pansi pa mitengo ikuluikulu yakalekale ija ndi pomwe pamakhala a tai chi, kasipika kali pansi kakuimba kanyimbo kozizira, majekete akolekedwa panthambi, mafulasiki a tiyi andandalikidwa pabenchi, kuphazi nsapato zansalu zafulati.

Gulu limene ndinkaima kumbuyo kwake ankatsogolera ndi mayi ena achikulire, aafupi, imvi zili mbuu, aliyense ankangowaitana kuti laoshi, aphunzitsi. Chizungu sankadziwa, Chitchaina changa chinali chogulira zinthu kumsika basi, nde tinkamvana ndi manja. Amabwera n'kukugwira mapewa kuwakankhira pansi, kukumenya pang'ono pabondo ndi kuseri kwa dzanja kuti lagwera mkati, kukuika chikhatho kumsana kuti usatulutse matako kumbuyo, kenako n'kuima pambali kumangokuyang'ana. Ine nthawi imeneyo ndinkamenya mpira wikendi iliyonse ndipo ndinali fiti ndithu, koma pasanathe mphindi khumi ntchafu zinkatentha n'kuyamba kunjenjemera zokha, pomwe agogo a patsogolo panga, oti akanatha kubereka bambo anga, aima pa mwendo umodzi, winawo uli m'mwamba akuutambasula mosapupuluma, nkhope ili phee.

Zimene zimachitika m'thupi n'zosavuta kufotokoza. Tikamayenda masiku onse thupi limapendekera kutsogolo mwendo n'kuliwakha, ndipo kanthawi komwe thupi lonse lili pa mwendo umodzi ndi kochepa moti sitikamva n'komwe. Tai chi imatenga kanthawi kameneko n'kukatalikitsa dala. Mawondo opinda pang'ono nthawi yonse, thupi lonse ulisamutsire ku mwendo wamanzere, wamanjawo upepuke mpaka uthe kuunyamula osagwedezeka, uponde ndi chidendene kaye usanaikepo thupi, ukamva kuti pansi pali bwino nde uyambe kusamuka pang'onopang'ono, chiuno chikutembenuka, manja akutsatira chiuno osati kudziyendera okha. Aphunzitsi a kumeneko amati mwendo wina ukhale wodzadza wina wopanda kanthu, ndipo nthawi zonse uzidziwa kuti wodzadzayo ndi uti. Amene anasenzapo ndowa yodzadza madzi kuchokera kumjigo akudziwa kale kaimidwe kake, msana woongoka, mapewa ogwa, maso kutsogolo, phazi likufufuza lokha pansi. Kupuma kwake n'kwa m'mimba, mpweya ulowere m'mphuno, mimba ifufume, utuluke mosathamanga. Ukachita zimenezi theka la ola tsiku ndi tsiku ntchafu zimalimba, akakolo amaphunzira kumva pansi, ndipo ubongo umazolowera kudziwa pomwe phazi lili osaliyang'ana. Palibe matsenga pamenepa.

Palinso masewera ena a mtundu womwewu otchedwa qigong, amatchula kuti chigong, ndipo ndi yakale kuposa tai chi komanso yophweka. Tai chi inayamba ngati luso la ndewu, nde mayendedwe ake ndi ndandanda wautali woti uloweze, kupita uku kubwerera uku, chilichonse chili ndi dzina lake, monga kugawa manyenje a hatchi, kugwira mchira wa mpheta, manja a mitambo. Qigong nthawi zambiri umangoima malo amodzi n'kumabwereza kachinthu komwekomweko uku ukusamala kapumidwe. Zonse ziwiri zimakamba za qi, imene kwa iwo ndi mphamvu ya moyo yoyenda m'thupi m'tinjira take, ati ikatsekeka penapake munthu amadwala. Madokotala akhala akung'amba matupi zaka zambirimbiri koma tinjira timeneto sanatipeze. Ine ndimaona kuti ndi m'mene anthu akale ankafotokozera zomwe ankamva m'thupi, kutentha m'manja, kunyerenyesa m'zala, mtima kukhala pansi, ndipo zimenezo ukamachita umazimvadi.

Zinthuzi ndi zakale zedi. Mu 1973 akatswiri ofukula zakale akukumba manda a ku Mawangdui mumzinda wa Changsha anapeza nsalu ya silika pomwe panajambulidwa anthu 44, amuna ndi akazi, ena akuwerama, ena atambasula manja, ena agwira ndodo, ndipo pambali pa zithunzi zina panalembedwa vuto lomwe kachitidwe kameneko kamathandiza, kupweteka kwa mawondo kuli pomwepo. Manda amenewo anatsekedwa mu 168 BC, nde ganizani, Yesu asanabadwe anthu anali atayamba kale mafizo a mawondo. Nthawi imeneyo masewerawa ankawatchula kuti daoyin. Buku la Zhuangzi, limodzi mwa mabuku akuluakulu a chi Tao, chiphunzitso ndi chipembedzo chakale cha ku China, limatchula anthu opuma mwadongosolo, otsanzira chimbalangondo ndi mbalame kuti akhale ndi moyo wautali, koma chondiseketsa n'choti wolembayo sakuwagomera kwenikweni, akuwaona ngati anthu otanganidwa ndi thupi pomwe nzeru yeniyeni ili kwina. Patapita zaka zoposa 300 kunabwera sing'anga wotchuka Hua Tuo, amene anaphedwa cha m'ma 208 ndi mkulu wankhondo Cao Cao. Iyeyu ndi amene amati anakonza masewera a nyama zisanu, kutsanzira kambuku, mbawala, chimbalangondo, nyani ndi mbalame. Anauza wophunzira wake Wu Pu kuti thupi limafuna ntchito koma osalifikitsa potheratu, ndipo anapereka chitsanzo cha chitseko chotsegulidwa tsiku ndi tsiku, kuti pozungulira pake sipaola. Mbiri imati Wu Pu anapitirira zaka 90 akumva bwino, akuona bwino, mano ali onse m'kamwa.

Nanga chi Tao chikulowa pati? Maganizo ake ndi omwe ali pansi pa zonsezi. Laozi, mphunzitsi wamkulu wa chi Tao, anaphunzitsa kuti palibe chofewa kuposa madzi koma madzi omwewo amagonjetsa zolimba, komanso kuti munthu akamabadwa amakhala wofewa, akafa nde amauma gwa. Nde m'malo molimbitsa thupi ndi kuumitsa minofu, iwo amati masula, usalimbane ndi mphamvu, ilole idutse. Kachizindikiro kozungulira kakuda ndi koyera kaja, komwe anyamata amajambulitsa pamkono osadziwa n'komwe kuti n'chani, ndi ka yin ndi yang, ndipo mwendo wodzadza ndi wopanda kanthu uja ndi nkhani yomweyo. A chi Tao akale ankafunitsitsa moyo wautali, ena mpaka kusafa kumene. Ena anatsata njira yophika mankhwala osakaniza ndi mekyule, ndipo mafumu angapo a m'nthawi ya ufumu wa Tang anafa msanga chifukwa chomwa mankhwala oti asafewo. Amene anasankha kupuma ndi kutambasula thupi anasankha bwino, tingotero.

Mukapita ku mapiri a Wudang m'chigawo cha Hubei akakuuzani kuti tai chi anayambitsa ndi mmonke wa chi Tao dzina lake Zhang Sanfeng, ati tsiku lina anaona mbalame ikulimbana ndi njoka, mbalame ikati ijomphe njoka ikungopindika kuzinda, iye n'kutolapo phunziro. Nkhani yokoma ndipo imakoka alendo, koma akatswiri a mbiri, kuyambira ndi Tang Hao m'zaka za m'ma 1930, atafufuza anakathera m'mudzi wa alimi wotchedwa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, kwa Chen Wangting, msilikali wopuma wa m'zaka za m'ma 1600. Banja la a Chen linkasunga lusoli ngati chuma chapamtundu mpaka mlendo wina, Yang Luchan, wobadwa mu 1799, anaphunzira kumeneko n'kukaliphunzitsa kwa akuluakulu ndi asilikali a mfumu ku Beijing. Mdzukulu wake Yang Chengfu, amene anamwalira mu 1936, ndi yemwe anafalitsa mtundu wofatsa uja, wopanda kudumpha ndi kumenyetsa phazi pansi. Ya a Chen mpaka lero ili ndi zibakera zadzidzidzi, mukaiona simungati ndi ya nkhalamba. Kenako mu 1956 boma la China linaitana akatswiri kuti afupikitse zonsezi zikhale mayendedwe 24 oti munthu wamba aphunzire, amatha m'mphindi zisanu kapena zisanu n'imodzi, ndipo ambiri amene mumawaona m'mapaki akuchita imeneyo. Mu Disembala 2020 UNESCO inaika tai chi pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Nde chimene chikufika kwa ife pa YouTube ndi chisakanizo cha nzeru za chi Tao, ndewu ya kumudzi ndi komiti ya boma la chikomyunizimu, wina akamakuuzani kuti ndi chinsinsi cha amonke cha zaka zikwizikwi chosasinthika, ameneyo akufuna kukugulitsani kanthu.

Qigong nayo linaikweza ndi boma lomwelo. Mkulu wina wa chipani, Liu Guizhen, atadwala zilonda za m'mimba anabwerera kumudzi n'kukaphunzira kapumidwe kwa munthu wachikulire, atapeza bwino anayamba kuthandiza odwala ku Tangshan kenako ku Beidaihe m'zaka za m'ma 1950, ndipo dzina loti qigong linafala kuyambira pamenepo. Nthawi ya Cultural Revolution, chipwirikiti cha ndale cha 1966 mpaka 1976, zinaletsedwa kuti ndi zikhulupiriro zachikale, koma m'zaka za m'ma 1980 zinabwerera ndi ukali, anthu mamiliyoni, ndipo apa ndi pomwe panalowa akathyali. Kunadzuka akatswiri odzadzitsa masitediyamu, onena kuti akhoza kuchiritsa khansa pongoloza dzanja, anthu kumagwa, kulira, kugubuduzika pansi. Wina dzina lake Yan Xin ankati anathandiza kuzimitsa moto waukulu wa m'nkhalango za kumpoto chakum'mawa kwa China mu 1987 iye ali kutali, ati ndi qi. Pali zithunzi za anthu atavala mapoto kumutu kuti alandire uthenga wochokera kumlengalenga. Sinditchula munthu, koma ife amene timaona zochitika m'matenti ena Lamlungu masana tisawaseke kwambiri anzathuwa. Zinathera mu 1999 pomwe boma linaletsa gulu la Falun Gong, lomwe linayamba mu 1992 ngati gulu la qigong, n'kuyamba kumanga ndi kuzunza otsatira ake, imeneyo ndi nkhani ina yaitali komanso yowawa. Pambuyo pake boma linasankha mitundu inayi n'kuitulutsa mu 2003 kuti iyi nde qigong ya zaumoyo, yopanda zozizwitsa.

Za ndewu ndisatayepo nthawi. Mu Epulo 2017 ku Chengdu womenya nkhonya za MMA, ndewu zosakaniza zibakera, mateche ndi kugwetsana, dzina lake Xu Xiaodong anakumana ndi katswiri wa tai chi Wei Lei, pasanathe theka la mphindi katswiri uja anali pansi akutchinga kumutu. Mu 2020 wina, Ma Baoguo, anagwetsedwa katatu m'masekondi 30. Ngati mukufuna kudziteteza kwa akuba mafoni, pitani ku bokosing'i.

Komwe kuli umboni ndi kwa madokotala, ndipo umboni wamphamvu kwambiri ndi wa kugwa. Mu 1996 Steven Wolf ndi anzake ku Emory University ku Atlanta anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 200 a zaka 70 kupita m'mwamba, omwe anaphunzira tai chi kwa masabata 15 chiopsezo chawo chogwa mobwerezabwereza chinatsika ndi pafupifupi theka. Kafukufuku amene ine amandigwira mtima ndi wa Fuzhong Li wa ku Oregon Research Institute, wotuluka mu 2018. Anatenga anthu 670 a zaka 70 kapena kuposa, oti anagwapo kale kapena miyendo yawo ndi yofooka, n'kuwagawa patatu. Gulu lina tai chi yofupikitsidwa, lina mafizo osakaniza amakono, lina kungotambasula minofu, onse kawiri pa sabata kwa masabata 24. Otambasula minofu anagwa ka 363, a mafizo osakaniza ka 218, a tai chi ka 152. Nde sikuti inangoposa kukhala chabe ayi, inaposa ngakhale pulogalamu yabwinobwino yokonzedwa ndi akatswiri. Li yemweyo mu 2012 anayesa anthu 195 odwala Parkinson, matenda onjenjemera aja, ndipo a tai chi anapeza balansi yabwino kuposa anzawo.

Za nyamakazi ya m'mawondo, Chenchen Wang wa ku Tufts Medical Center ku Boston mu 2016 anayerekeza tai chi ndi fizo ya kuchipatala pa anthu 204, patatha masabata 12 magulu onse awiri ululu unachepa mofanana, kungoti a tai chi analinso opepukidwa m'maganizo kuposa anzawo. Mu 2019 bungwe la madokotala a nyamakazi ku America, American College of Rheumatology, linaika tai chi pa zinthu zomwe limalimbikitsa mwamphamvu kwa odwala mawondo ndi nyonga. Za BP, kafukufuku wa ku China wotuluka mu 2024 anatenga anthu 342 amene BP yawo yayamba kukwera koma sinafike poti ndi matenda, ena tai chi ena kuthamanga ndi kuyenda ndawala, kanayi pa sabata chaka chathunthu. Nambala yapamwamba ija inatsika ndi 7 kwa a tai chi ndi pafupifupi 4.6 kwa enawo. Ndi zabwino, koma taonani kukula kwake, 7 basi. Munthu amene BP yake ili pa 180 sangaitsitse ndi kugwira mchira wa mpheta, ameneyo amwe mapilitsi ake. Komanso kafukufuku wambiri wa qigong ndi wa timagulu ting'onoting'ono, ndipo wochita nawo amadziwa kuti ali m'gulu liti, sungamunamize munthu kuti akuchita tai chi pomwe sakuchita, nde zina zomwe amanena kuti akumva bwino zimachokera m'chiyembekezo komanso kucheza ndi anzawo. Zoti imachiritsa khansa, shuga kapena HIV ndi bodza lamkunkhuniza.

Tsono n'chifukwa chani ndikukakamira za kugwa? Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, oposa 80 pa 100 aliwonse ndi a m'mayiko osauka ndi apakatikati, ndipo ochuluka ndi opitirira zaka 60. Kwathu kuno sitikuwerengera ngati matenda, timangoti agogo anagwa. Azakhali anga anaterereka pobwera kubafa nthawi ya dzinja, pakhomo pomwe akhala moyo wawo wonse, nyonga n'kuthyoka. Anagona kuchipatala nthawi yaitali mwendo atauboola n'kumangirira cholemera kumapeto kwa bedi, potuluka anali munthu wina, miyendo yaonda, mantha ali tho. Kumunda anasiya, kutchalitchi anasiya, kumaliro a pafupi pomwepa mpaka wina awagwire dzanja. Ndipo mantha amenewo ndi omwe amamaliza munthu, chifukwa akaopa kugwa amasiya kuyenda, akasiya kuyenda miyendo imafookeratu, ikafooka nde kugwa kuja kumabweradi. Wolf uja anapezanso kuti a tai chi mantha awo ogwa anachepa.

Wina anena kuti aise, makolo athu amalima, amatunga madzi, mafizo achani. Zoona, ndipo amene akugwirabe khasu ali ndi mphamvu kuposa ambiri a ife. Koma khasu limalimbitsa msana ndi manja, siliphunzitsa munthu kuima pa mwendo umodzi kapena kutembenuka mwadzidzidzi mwana akaitana kumbuyo. Komanso si onse ali kumudzi. Taganizani za bambo opuma pantchito ku Area 25 kapena ku Chilomoni, kudzuka, tiyi, wailesi, mpando wapakhonde, nsima, mpando womwewo, madzulo nkhani za pa TV. Jimu sangapite, ndalama yake komanso manyazi, ndani wa zaka 70 angakaime pakati pa anyamata onyamula zitsulo. Kuthamanga mawondo akukana. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu ku Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. WHO yomweyo imati achikulire azichita zolimbitsa balansi ndi minofu masiku atatu kapena kuposa pa sabata, koma kuchipatala amangokuuza kuti muzipanga mafizo, osanena kuti ati, pati, motani. Apa nde pomwe zinthu za anzathuwa zikukwanira, sizifuna chida, sizifuna yunifolomu, malo ake ndi pomwe mungayale mkeka.

Pali nkhani ya tchalitchi, ndipo sindiizemba chifukwa mayi anga anandifunsa tsiku lomwe ndinawaonetsa vidiyo. Anayang'ana kanthawi n'kuti, "Iwe, zokweza manja kumwambazi si zopembedza mafano zimenezi?" Ndinati, "Ayi amayi, palibe pemphero, palibe dzina la mulungu aliyense lotchulidwa, mukungotambasula msana." Anati aganize kaye. Ine maganizo anga ndi awa, chi Tao ndi chipembedzo ndithu, chili ndi akachisi, ansembe ndi milungu yake, ndipo alipo aphunzitsi ena amene amasakaniza masewerawa ndi zauzimu, mukakumana ndi wotero ndipo mtima wanu sukufuna, musiyeni. Koma mayendedwe 24 aja anakonza ndi boma losakhulupirira Mulungu aliyense, ndipo agogo a ku Tiantan aja akamaliza amakamba za mitengo ya ndiwo ndi zidzukulu, palibe amagwada. Mayi anga pano amachita m'mamawa kuseri kwa nyumba asanasese, m'malo mwa kanyimbo kachitchaina amang'ung'udza nyimbo yakwaya, ati imawathandiza kuti asathamange.

Chimene amachitacho ndi baduanjin, umodzi mwa mitundu inayi ya qigong imene boma la China linasankha ija, ndipo kwa woyamba kumene ndi yomwe ndingalimbikitse osati tai chi, chifukwa tai chi kuiphunzira pa foni wekha n'kovuta, ukatembenuka foni yatsala kumbuyo. Baduanjin uli chiimire kuyang'ana kumodzi, zochita zake zisanu n'zitatu, zonse pamodzi mphindi 12 kapena kuposerapo pang'ono. Imatchulidwa kale m'mabuku a nthawi ya ufumu wa Song, zaka pafupifupi 900 zapitazo, ndipo mu 2020 ku Wuhan odwala Covid m'zipatala zongoyembekezera zija ankaichita pambali pa mabedi awo. Umayamba ndi kulukanitsa zala n'kukankhira zikhatho kumwamba mpaka msana wonse utambasuke. Kenako kutangadza miyendo, kutsika pang'ono n'kukoka uta kumanzere ndi kumanja, apa nde pomwe ntchafu zimayamba kulankhula. Kenako dzanja lina kumwamba lina pansi, kenako kucheuka kuyang'ana kumbuyo mapewa osasuntha, ya anthu a makompyuta ndi madalaivala imeneyo. Yachisanu ndi yovutirapo, kutsika n'kuzunguza mutu ndi chiuno, achikulire akhoza kuichepetsa kapena kuidumpha. Pali kuwerama manja akutsetsereka kumbuyo kwa miyendo mpaka pomwe afike, pali kuponya chibakera pang'onopang'ono maso atatong'ola, yomwe ana amaseka nayo kwambiri, ndipo yomaliza kunyamuka pa zala zakuphazi n'kugwetsa zidendene pansi mofatsa kasanu n'kawiri.

Mavidiyo ake ali mbwee pa YouTube, lembani baduanjin, sankhani ya munthu mmodzi wooneka thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, dawunilodani kamodzi bandulo isamathere pomwepo. Kwa agogo oti akudzandira kale, ikani mpando wolimba kapena aime pafupi ndi khoma, pansi pakhale pouma, asavale masilipasi oterera aja, bola opanda nsapato. Amene ali ndi BP yokwera kwambiri kapena amamva chizungulire asaweramitse mutu pansi, afike m'mawondo basi n'kudzuka pang'onopang'ono, ndipo amene anachitidwa opaleshoni kapena anadwalapo sitiroko afunse kaye adokotala kapena a fizo. Osabanika mpweya. Masabata oyambirira palibe chimene muone kupatula ntchafu kuwawa, m'kafukufuku muja anthu ankachita miyezi itatu mpaka isanu n'umodzi asanayezedwe, nde osafulumira kunena kuti ndi za ziii.

Chinthu chimodzi chomwe vidiyo siingakuuzeni ndi bondo, chomwe laoshi aja ankandimenyera. Mukapinda mwendo, bondo liziloza komwe chala chachikulu chaphazi chikuloza, lisagwere mkati, ndipo potembenuka nyamulani kaye zala phazi lizungulire pa chidendene, musapotokole bondo phazi litakanirira pansi. Ambiri amene amati tai chi inawapweteka mawondo ndi chifukwa cha zimenezi, komanso kufuna kutsika kwambiri kuti afanane ndi wa muvidiyo yemwe anayamba ali mwana. Minofu ya ntchafu ikamatentha zili bwino, pitirizani. Koma ululu ukakhala mkati mwa bondo mwenimweni, wobaya, ndiye kuti mwatsika mopitirira, kwerani pang'ono ndipo sitepe ifupike.